Lamulo lisabisale m'mimba mwa pulogalamu

Ku Chilomoni kukukula m'badwo wa achinyamata odziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta. M'tsinde mwa phiri la Michiru, dera lomwe ambiri amalidziwa chifukwa cha Njira ya Mtanda ndi msika wa Nthukwa, a Beehive anamangamo sukulu ya John Paul II yophunzitsa za makompyuta ndi utsogoleri. Palinso ena okwera minibasi m'mamawa kupita ku MUBAS, ndi ena odziphunzitsa okha pafoni pakati pa usiku bandulo ikakhala yotchipa. Amenewa ndiwo mawa adzalembe mapulogalamu osankha wolandira ngongole, wolowa sukulu, wolandira thandizo la boma ndi wotsala. N'chifukwa chake nkhani yomwe ena angaiyese ya akatswiri okhaokha ndikuitulutsira pabwalo. Wophunzira asamalandire satifiketi asanadziwe kulekanitsa lamulo ndi makina oyendetsa lamulolo. M'chiyankhulo cha C++ chida chochitira zimenezi chimatchedwa function object, ndipo ine ndikuti chiziphunzitsidwa m'chaka choyamba, osati kumapeto kwa buku komwe teremu imatha anthu asanafikeko.

Pulogalamu iliyonse yosanja anthu imagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yamanja: kuyenda pamndandanda, kutenga dzina ili ndi ilo, kuwasinthanitsa malo, kuwerengera. Imeneyi ndiyo algorithm, ndipo ilibe m'bale. Yachiwiri ndi chiweruzo: pakati pa mayi uyu ndi mayi uyo, woyamba ndani? Woyenera ndani? Angatenge zingati? Apa ndi pomwe pagona chilungamo kapena tsankho. Wongoyamba kumene amasakaniza ziwirizi. Amalemba loop, m'kati mwake if, m'kati mwa if ina if, ndipo chiweruzo chimamwazikana m'mizere makumi angapo, theka m'fayilo iyi, theka m'fayilo ina. Pulogalamuyo imayenda bwinobwino tsiku loipereka. Mavuto amayamba tsiku lomwe eni ake asintha maganizo.

Titenge chinthu chomwe wa ku Chilomoni aliyense amachidziwa: banki m'khonde. Tinene kuti amayi ena a kwa Sigerege apempha mnyamata wa m'dera lawo kuti awalembere pulogalamu yogawira ngongole, chifukwa kope la mlembi lanyowa kawiri ndipo mikangano yachuluka. Lamulo lawo ndi loti amene ali ndi masheya ambiri ayambe, ndipo munthu asabwereke kuposa katatu ka masheya ake. Mnyamata uja walemba. Patapita miyezi iwiri, amayiwo akhala pansi n'kuona kuti lamulolo likulemeretsa omwewo omwewo, ogulitsa tomato pang'ono akungobwerera manja lendewera. Agwirizana zatsopano: ayambe ndi amene sanabwereke mwezi watha, ndipo wangongole yakale ayembekeze. Nyengo ya fizi ikafika asinthanso. Ngati chiweruzo chinasokedwa pamodzi ndi loop, kusintha kulikonse ndi kung'amba pulogalamu yonse. Ndipo achinyamata ambiri sang'amba n'komwe: amakopera function yonse, kuipatsa dzina latsopano, kusintha mizere iwiri. Pakutha pa chaka pali ma function anayi ofanana nkhope, cholakwika chokonzedwa mu imodzi chikadali mu zitatu zinazo, ndipo mwini wake sakumbukanso kuti yomwe ikuyenda ndi iti.

Wodziwa ntchito amalemba algorithm yogawa kamodzi kokha. Imalandira zinthu zinayi: mndandanda wa mamembala, ndalama zomwe zili m'bokosi, lamulo la woyamba ndani, ndi lamulo la malire a ngongole. Imasanja mayina motsatira lamulo loyamba, imayenda kuyambira pamwamba, pa munthu aliyense imafunsa lamulo lachiwiri kuti uyu angatenge zingati, imachotsera m'bokosi, ndalama zikatha imaima. Payokha sidziwa kanthu za masheya, za fizi kapena za ngongole yakale, ndipo sifunika kudziwa. Malamulo awiri aja ndiwo ma function object: tizidutswa ta pulogalamu tokhala ndi dzina, tomwe mungathe kusunga, kupereka kwa algorithm monga mmene mumaperekera nambala, koma mukatiitana timayankha ngati function. Mu C++ ndi class chabe yokhala ndi operator(). Imodzi itchedwe MasheyaAmbiriAyambe, ina WosabwerekaAyambe. Tsiku lomwe amayi asintha lamulo, mnyamata alemba mizere isanu yatsopano, algorithm osaikhudza. Mwini chigayo akafuna ufa wosalala sagula chigayo china. Amamasula sefa n'kuika ina, injini ndi nyundo zomwezo.

Wina afunsa kuti bwanji osangopereka function wamba, monga mmene qsort ya m'chiyankhulo cha C yakhala ikuchitira kuyambira kale. Yankho lake ndi lomwe limandichititsa kukonda chida chimenechi. Function object imanyamula zake. Lamulo la malire liyenera kudziwa kuti ndi katatu kapena kawiri ka masheya. Lamulo la chiwongoladzanja liyenera kudziwa peresenti ndi tsiku la msonkhano. Function wamba ilibe thumba losungira zimenezi, ndiye wolemba amathamangira kuziika m'ma variable a pulogalamu yonse, omwe aliyense angathe kuwasintha kuchokera paliponse popanda wina kudziwa. Function object imapatsidwa manambala ake pomwe ikubadwa, imawasunga m'kati, ndipo mungathe kukhala ndi ziwiri za mtundu umodzi nthawi imodzi, ina ya katatu, ina ya kawiri, n'kuyerekeza zotsatira zake amayi akuona. Pamwamba pa izi, compiler imadziwa mtundu weniweni wa lamulo lomwe yapatsidwa, choncho imatha kulilowetsa molunjika m'kati mwa algorithm m'malo moliitana kudzera pa pointer ulendo uliwonse. N'chifukwa chake std::sort kawirikawiri imaposa qsort liwiro. Kuno komwe makompyuta ambiri ndi a kaunjika ndipo magetsi amathima ntchito ili m'kati, liwiro si nkhani yachabe.

Maganizo amenewa si achilendo ayi. Alexander Stepanov ndi Meng Lee, akugwira ntchito ku Hewlett-Packard, anamanga Standard Template Library pa maziko omwewa, ndipo komiti ya C++ inaivomereza mu 1994. Kuyambira pamenepo sort, find_if, count_if ndi anzawo onse amalandira lamulo kuchokera kunja. Python ili ndi key mu sorted, Java ili ndi Comparator, JavaScript imalandira function mu sort ndi filter. Zaka zoposa 30 zapita chida chili poyera. Kuchitchula kuti ndi cha apamwamba okhaokha n'kunamiza ana.

Tsono chifukwa chiyani nkhaniyi ili yowawa kwambiri kuno kwathu? Chifukwa m'Malawi malamulo sakhala malo amodzi. Funsani aliyense wolemba pulogalamu ya malipiro. Gawo la malipiro losadulidwa msonkho wa PAYE linali K45,000 pamwezi. Mu 2020 linakwera kufika K100,000. Mu 2024 linafika K150,000. Amene analemba 45000 m'malo asanu ndi awiri m'pulogalamu yake anagona mochedwa kusakasaka malo onsewo, ndipo ataiwala amodzi, wogwira ntchito wina analandira zoperewera. Amene anapanga function object yosunga ndandanda ya msonkho wa chaka chimodzi anangopanga ina ya chaka chatsopano, yakale n'kuisunga. Tsiku lomwe a MRA kapena wantchito wopuma adzafunse za malipiro a 2019, iye adzangopereka lamulo la 2019 kwa algorithm yomweyo, yankho n'kutuluka. Mnzake uja alibe poyambira, chifukwa lamulo lakale analifufuta polemba latsopano.

Chitsanzo chachikulu kuposa zonse tonsefe tinachiona ndi maso. Kwa zaka zambiri, wopambana pachisankho cha pulezidenti anali amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi. Pa 21 May 2019 amene analengezedwa kuti wapambana anali ndi 38.57 peresenti. Pa 3 February 2020 khoti loona za malamulo aakulu a dziko, kupatula kuthetsa chisankhocho, linagamula kuti wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti onse, ndipo chisankho cha pa 23 June 2020 chinayendera lamulo limenelo. Taonani bwino apa. Kuphatikiza mavoti sikunasinthe. Awiri ndi awiri akadali anayi. Chomwe chinasintha ndi kachiganizo kamodzi kofunsidwa kumapeto: kodi uyu wapambana? Dziko lonse linagwedezeka chifukwa cha kachiganizo kameneko. Wolemba mapulogalamu amene samvetsa kuti mphamvu zonse zimakhala m'kachidutswa kakang'ono ngati kameneka sanayambe kumvetsa ntchito yake.

N'chimodzimodzi ndi kusankha ana opita kuyunivesite, komwe kota inautsa mapiri pachigwa kwa zaka zambiri mpaka boma linalengeza kuithetsa mu 2020. N'chimodzimodzinso ndi Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo amasankha mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, ndi ndalama za K35,000 pamwezi zomwe mabanja ena a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba analandira nthawi ya Covid-19, ndi mndandanda wa ogula feteleza wotchipa. Ponseponse pali mndandanda ndi lamulo. Funso la mayi amene dzina lake silinatuluke ndi limodzi: n'chifukwa chiyani mnzanga walowa ine ayi? Yankho loti kompyuta ndiyo yasankha ndi chipongwe. Kompyuta sisankha. Munthu analemba lamulo, munthu wina analivomereza. Chiyambire 30 September 2020 tili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani kuchokera kwa amene amasunga zinthu za boma. Koma ufulu umenewo ungathandize chiyani ngati lamulo losankhira anthu lamwazikana m'mizere mazana, mwakuti ngakhale wofuna kulionetsa ndi mtima wonse sangathe kulitola? Likakhala pamalo amodzi, lili ndi dzina, lili ndi tsiku lomwe linayamba kugwira ntchito, lingathe kusindikizidwa papepala limodzi n'kumatidwa pakhomo la ofesi.

Ku England mu 2020 ana sanalembe mayeso chifukwa cha mliri, ndipo bungwe la Ofqual linagwiritsa ntchito ndondomeko yowerengera magiredi yomwe inkadalira kwambiri mbiri ya sukulu ya mwanayo m'zaka za m'mbuyo. Pafupifupi magiredi 40 mwa 100 alionse anatsitsidwa kuchoka pa omwe aphunzitsi anapereka, ndipo mwana wanzeru wa pasukulu ya mbiri yofooka ndiye anapwetekeka. Anthu anakwiya, ndipo pa 17 August boma linabwerera m'mbuyo. Zinatheka msanga chifukwa lamulolo linali lolembedwa poyera, anthu analiwerenga n'kuloza pomwe panali tsankho. Ganizirani lamulo lotero litabisika m'pulogalamu yosankha ana a ku CDSS kuno kwathu. Tikanalira zaka zingati tisanadziwe pomwe pakulumira?

Ndikudziwa zomwe anzanga ena anena. Ati masiku ano kuli lambda, zoti class ndi operator() ndi zachikale. Zoona, kuyambira C++11 mu 2011, komanso Java 8 mu 2014, munthu angathe kulemba lamulo lalifupi pomwepo pomwe likufunika. Koma mu C++ lambda ndi function object yomweyo, kungoti compiler ndiyo yakulemberani class yake mobisa, ndipo zomwe lambda yagwira kuchokera kunja ndizo katundu wa m'kati mwake. Amene sanalembepo imodzi ndi manja ake sadzamvetsa chifukwa chake lambda yogwira variable mwa reference ingathe kugwetsa pulogalamu variable ija ikafa lambda ikadali moyo. Komanso lambda ilibe dzina. Posanja mayina motsatira alifabeti, lembani lambda, palibe vuto. Koma lamulo lokhudza ndalama za munthu, malo a mwana pasukulu kapena thumba la feteleza lipatsidwe dzina, likhale m'fayilo yakeyake, liyesedwe palokha. Mlembi wa banki m'khonde sangawerenge C++, koma angathe kukuuzani kuti, “Mayi uyu ali ndi masheya asanu ndipo sanabwereke, uyu ali ndi khumi koma ali ndi ngongole, woyamba akhale uyu.” Zitsanzo zotero khumi ndi mayeso athunthu a function object yanu, ndipo simungaziyendetse ngati lamulolo lamatirira ku loop, ku database ndi ku batani la pasikirini.

Ena ati zimenezi zikuchulukitsa ntchito, kasitomala wa ku Chilomoni salipira zambiri. Ine ndikuti kasitomala wosalipira zambiriyo ndiye amene sangakwanitse kulipira kulembanso pulogalamu yonse lamulo likasintha. Amangoisiya n'kubwerera kukope, n'kumauza anzake kuti mapulogalamu a achinyamata a kuno sakhalitsa. Mbiri yoipa imeneyo imagwera onse, ndipo ntchito imapita kwa akunja.

Sindikunena kuti chidachi chilibe minga. Chili nayo, ndipo ndiyo chifukwa china chochiphunzitsira msanga, mphunzitsi ali pafupi. Yoyamba: std::sort ili ndi pangano lomwe lamulo lanu liyenera kusunga. Likafunsidwa ngati munthu ayenera kukhala patsogolo pa iye yemweyo, liyankhe ayi. Choncho wolemba <= pomwe pamafunika < waswa pangano, ndipo pulogalamu ingathe kuyenda bwino pa mayina khumi koma kugwa pa mayina mazana awiri ofanana masheya, chifukwa algorithm yadumpha malire a mndandanda. Pangano limanenanso kuti ngati woyamba aposa wachiwiri, wachiwiri aposa wachitatu, woyamba aposenso wachitatu. Apa ndi pomwe pamaonekera zinthu zomwe komiti sinaziganizire. Tinene kuti gulu lagwirizana kuti poyerekeza anthu awiri, wa masheya ambiri ayambe, koma ngati kusiyana kwa masheya awo kuli kochepa, ayambe amene analowa kale m'gululo. Pakamwa zikumveka bwino. Koma mungathe kupeza amayi atatu omwe woyamba akuposa wachiwiri, wachiwiri akuposa wachitatu, wachitatu n'kuposanso woyamba. Lamulo lotero lilibe mndandanda woona. Zotsatira zimadalira dzina lomwe linalembedwa poyamba, ndipo pakope la mlembi pamenepa ndi pomwe kukondera kumalowera osaoneka. Kuyambira Java 7, sort nthawi zina imagwira lamulo lodzitsutsa lotere n'kuimitsa pulogalamu. C++ nthawi zambiri sichenjeza n'komwe. Wophunzira amene wazindikira zimenezi abwerere kwa amayi aja n'kuwauza mwaulemu kuti, “Amayi, lamulo lanuli likudzitsutsa, onani pa anthu atatu awa.” Imeneyo ndi ntchito yaikulu kuposa kulemba code.

Minga ina ndi yoti ma algorithm a C++ amakopera function object yomwe mwawapatsa. Mukaika chowerengera m'kati mwake kuti muone anthu angati akanidwa, kenako n'kukayang'ana pa yanu ija, mupeza ziro, chifukwa yomwe inagwira ntchito ndi kope lake. std::for_each imakubwezerani kopelo, ndipo std::ref imathandiza pomwe mukufuna kuti pasakhale kukopera. Koma chiphunzitso chenicheni n'choti lamulo loweruza lisamasinthe maganizo pakati pa ntchito: lipatsidwe munthu yemweyo kawiri, liyankhe chimodzimodzi kawiri. Ndipo anthu awiri akafanana m'zonse, std::sort silonjeza kuti woyamba kulembetsa akhalabe patsogolo. Yolonjeza zimenezo ndi std::stable_sort. Ngati ndalama m'bokosi zikukwanira mmodzi yekha mwa awiriwo, kusankha pakati pa ma algorithm awiriwa ndi kusankha amene apite kwawo ndi ndalama ya fizi. Gulu lenilenilo ndilo liyenera kunena chochita zikatero, osati mwayi wa m'kompyuta.

Tivomerezenso kuti kulekanitsa lamulo sikulipanga kukhala lachilungamo. Lamulo latsankho lingathe kulembedwa mwaukhondo, kupatsidwa dzina lokongola, n'kupambana mayeso onse. Koma latsankho looneka tingathe kulitsutsa pamsonkhano, pawailesi, kukhoti. Losaoneka timangolimva kuwawa kwake.

Choncho kwa inu aphunzitsi a makompyuta, a ku Chilomoni ndi a kwina konse, pempho langa ndi ili. Mwana akangodziwa loop ndi function, m'patseni ntchito yolemba yekha algorithm yofufuza kapena yogawa yomwe imalandira lamulo kuchokera kunja. Musadikire kuti adutse kaye mitu yonse ya class ndi inheritance. Musamupatsenso zitsanzo za m'mabuku za magalimoto ndi nyama. Mpatseni banki m'khonde, ndandanda ya PAYE, mzere wa pamjigo wa madzi, kusankha ana a Fomu 1. Pamayeso omaliza, musangoona ngati pulogalamu ikuyenda. Ikayenda, sinthani lamulo iye ali pomwepo, m'patseni mphindi 15, muone mafayilo angati omwe atsegule. Akatsegula imodzi, wamva. Akayamba kukopera function yonse, abwereze phunzirolo.

Kwa inu achimwene ndi achemwali olemba mapulogalamu, kasitomala akakufotokozerani ntchito, m'funseni kuti mwa zonse wanenazo ndi ziti zomwe komiti, bwana kapena Nyumba ya Malamulo ingasinthe chaka chamawa. Chilichonse chomwe watchula chituluke m'loop, chikhale function object yakeyake.

Ndipo kwa inu ogula mapulogalamu, kaya ndinu khonsolo, mpingo, SACCO, sukulu kapena unduna, simufunika kudziwa C++ kuti mudziteteze. Ikani m'kontirakiti kuti lamulo lililonse losankha, losanja kapena lowerengera ndalama za anthu likhale pamalo amodzi, lilembedwenso m'Chichewa chomveka papepala, likhale ndi tsiku loyambira, ndipo malamulo akale asungidwe kuti chiweruzo cha chaka chatha chithe kubwerezedwa pamaso pa wodandaula. Musanalipire gawo lomaliza, uzani wolemba pulogalamuyo akuonetseni pasikirini pomwe pali lamulo losankhira anthu, alisinthe inu mukuona, ayendetsenso mndandanda, kenako alibwezere mmene linalili.